Sipuling'i Imene Sinagone

Chaka chinali cha 1994, ine ndili ndi zaka 57. Zakazo ndazitchula dala, kuti wina asadzanene kuti zinali za ubwana. Ndinali ndi imvi kale.

Wapampando wanu ndiye wandipempha kuti ndilankhule. Ine sindinapemphe. M'mawa uno ndadutsa pomwe mumaimika magalimoto kuseri kwa msika, ndawerenga mavaneti anayi okwezedwa ngati nkhokwe. Eni ake muli pompano. Iwe wa chipewa chofiira, matayala ako ndi a lole, ndawaona. Seka. Inenso ndinkaseka chomwecho, mano onse pamtunda.

Dzina langa ndi Mtonga, wa ku Mphamba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Ndinayendetsa magalimoto ku migodi zaka makumi awiri ndi zinayi, osagunda ngakhale nkhuku. Atatichotsa ntchito ndinabwerera kwathu ndi kugula vaneti yakale yokoka mawilo onse anayi. Inali yokalamba koma yamoyo. Matayala ake anali a saizi ya 7.50, ndipo kumbuyo sipuling'i iliyonse inali ndi zitsulo zisanu ndi zinayi zosanjikizana. Ntchito inalipo yambiri: chimanga, mtedza, fodya, kuchokera m'midzi kubwera pamsika pano. Wondikonzera galimoto anali Zgambo, makaniko uja wa pafupi ndi chigayo. Mukumudziwa, wa diso limodzi. Nthawi imeneyo anali nawo awiri.

M'midzi munalibe sikelo. Sikelo yathu inali sipuling'i. Yopanda katundu imakhala yopindika ngati uta. Anthu akamaponya matumba, dalaivala umagwada kumbuyo n'kumaiyang'ana ikuwongoka pang'onopang'ono. Ikawongokeratu timati yagona, ndipo umakweza dzanja: basi. Lamuloli ankalidziwa aliyense. Ngakhale amayi a m'mudzi ankasuzumira pansi n'kunena kuti, “Yagona, lekani.” Yanga inkagona pa matumba khumi ndi awiri a makilo 90.

Mwezi wa February ndinatitimira m'dambo ku Magodi, pafupi ndi kwawo kwa mkazi wanga, NyaSoko. Mawilo analowa m'mizere yokumbika ndi ngolo, difu, chitsulo chobulungira cha pakati pa mawilo, inakhala pachitunda cha pakati pa njira, matayala n'kumangozungulira. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Kenako anatulukira mlamu wanga Soko, mchimwene wake wa NyaSoko, ndi ng'ombe zinayi ndi tcheni.

“Monile, mulamu,” anatero. “Ng'ombe yanu ya chitsulo yadwala chani? Tiipatseko mchele?”

Anthu anaseka.

“Mukafika ku boma muwauze kuti kuno ku Magodi mafuta athu ni msipu.”

Ng'ombe zinandikoka ngati akukoka chipika. Ndinayang'ana kumbali, ndinaona NyaSoko wabisa pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Sanalakwe. Zinali zoseketsa. Koma ine sindinasekedwepo ku migodi, ndipo ndinalumbira kuti ng'ombe sidzandikokanso.

Patapita milungu iwiri ndinafika kwa Zgambo ndi matayala anayi aakulu a 9.00, ochotsa ku lole yakufa.

“Mdala, nsapato za njovu izi mwazitenga kuti?”

“Manga.”

“Kumanga si vuto. Koma mvelani. Tayala ikakula, magiya onse akula nayo. Giya yoyamba izayenda monga yachiwili, yachiwili monga yachitatu. Pokwela mphamvu izachepa, potsika injini siizagwila. Mabuleki nawo ni aja akale, anapangidwila tayala yaing'ono. Ngati mufunadi izi, tisinthe madifu onse awili, kutsogolo na kumbuyo, tiike a mano ambili, oyenda pang'onopang'ono.”

“Madifu ali bwino.”

“Ali bwino pa 7.50.”

“Nati manga. Ukatsiliza uwonjezele zitsulo zisanu pa sipuling'i iliyonse, matayala asakhule bodi nikapakila.”

Zgambo anaika sipanala pansi.

“Izo yayi. Matayala nimanga, galimoto ni yanu. Koma sipuling'i sinigwila. Galimoto ikalema ikamba na sipuling'i. Mukaiumitsa izakamba na chani?”

“Galimoto siikamba, iwe.”

“Ikamba. Ndimwe simumvela. Tsiku lina izakugwetsani potsika, na katundu.”

Ndinamuuza kuti ndinayamba kuyendetsa galimoto iye ali kumbuyo kwa amayi ake. Ndinanenanso zina zimene sindingabwereze pano. Zitsulo ndinakaika ndekha kunyumba, za lole, zokhuthala ngati chikhatho, ndi mabauti aatali. Madigadi, malata a pamwamba pa matayala, ndinawadula ndi chizulo.

Vaneti inaima m'mwamba. Pamsika pano anaipatsa dzina loti Nyamalikiti, ndipo ndinalikonda. Anthu ankabwera kudzaiyeza ndi chiuno. Ena mwa amene ankandiombera m'manja ndi atate anu, ndipo mmodzi wakhala apoyo, wayang'ana pansi.

Zizindikiro zinalipo, zambiri. Pachikweza kilachi inkanunkha ngati nsanza yopsa. Ikakhala yopanda katundu inkadumpha ngati mbuzi, mpaka mazira a NyaSoko anasweka onse m'dengu. Mabuleki ankafuna mtunda wautali. Pokhota inkaweramira kunja. Zonsezi ndinaziona, ndinali dalaivala wa zaka zambiri. Koma ndikagwada kumbuyo ndinkapeza sipuling'i ili chipindikire. Matumba khumi ndi asanu ndi limodzi, sinagone. Makumi awiri, sinagone. Ndinati ndapeza nzeru imene opanga galimoto anaiphonya.

Mwezi wa July tinapita ku Magodi kukatenga chimanga cha Soko ndi cha NyaSoko, matumba makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

“Ngolo yanga itenga maulendo anayi,” anatero Soko. “Yanu awili kapena atatu, mulamu?”

“Umodzi.”

Anapakira. Amayi ankasuzumira pansi monga mwa chizolowezi n'kumati, “Ikalibe kugona.” Ankanena zoona. Kumbuyo kutadzaza, matumba awiri otsala ndinawaika pampando wakutsogolo, pokhala mkazi wanga. Iye anandiitana ndi dzina la mwana wathu woyamba, monga amachitira.

“Awiske Tamala, manje ine nikhale kuti?”

“Pamwamba. Uone dziko.”

“Taonani matayala, afufuma m'mbali.”

“Sipuling'i yagona?”

“Yayi.”

“Ndiye kwela.”

Anakwera. Mvetsani bwino pamenepa: thumba la chimanga ndinalikhazika pampando, mkazi wanga ndinamukhazika pamatumba.

Kunali masana, dzuwa lili pamutu. Kuchokera kwa Soko pali chitsikira cha miyala chopita kumtsinje. Ndinali nditatsikapo kambirimbiri ndi giya yachiwiri, ndiye ndinaikanso yachiwiri. Kandodo kakafupi kaja ka giya ya m'matope sindinakagwire, ndinkati n'ka anthu amantha. Galimoto inayamba kuthamanga. Ndinaponda buleki, inagwira pang'ono. Ndinapondanso, inanunkha, phazi linamira. Ndinakankha giya yoyamba mwamphamvu n'kusiya kilachi. Kumbuyo kunamveka kuti thyo! ngati mfuti, ndipo injini inangolira yokha, mawilo sakuimvanso. Pansi pa chitsikira pali mwala mbali ya kumanja. Sipuling'i yofewa ikanapindika n'kuumeza. Yanga inali ngati njanji. Wilo linakwera mwala, galimoto yonse inakwera nalo, ndipo Nyamalikiti anagona chammbali.

Ine ndinatuluka pawindo ndi bala laling'ono pachipumi. NyaSoko anali pansi, mwendo wamanzere uli pakati pa bodi ndi mwala. Sankalira. Ankangondiyang'ana. Zimene zinakweza galimoto kuti amutulutse ndi ng'ombe za Soko. Imene inamunyamula ndi ngolo ya Soko. Kuchipatala mwendowo anaudula pabondo.

Mukuganiza kuti pamenepo ndinaphunzira? Ayi. Munthu wodzikuza samaphunzira ndi ngozi, amafunafuna woti amuloze chala.

Ndinayamba kachasu. Anzanga a pabotolo anandipatsa yankho limene ndinkalifuna. Anati, “Nanga Zgambo anadziwa bwanji kuti izagwa potsika, na katundu? Munthu angakambe za mailo, za kutsogolo, ngati sanaziphike yekha?” Ndinameza. Zinali zokoma kuposa kachasuyo. Mlungu wachitatu, mkazi wanga akadali kuchipatala, ndinalowa pamalo pa Zgambo dzuwa likuswa mtengo. Anali atawerama pa injini. Anatembenuka n'kunena kuti, “Mdala, amayi ali bwanji?” Ndinamumenya kumaso ndi chitsulo chochotsera tayala.

Kukhoti anandipatsa zaka zitatu, ndinakhalamo ziwiri. Za kundende sindikuuzani zambiri. Nsabwe ndi nsabwe. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti ndinalowa ndikukhulupirira kuti anandilodza, ndipo ndinatuluka ndikukhulupirirabe. Ndende imatsekera thupi, mutu siufika.

Nditatuluka ndinapeza nyumba ku Mphamba ili ndi udzu pakhomo. NyaSoko anali kwawo. Ndinayenda pansi mpaka ku Magodi. Soko anandichingamira pakhola, osandipatsa mpando.

“Mulamu, pano wopunduka tili naye kale mmodzi. Wachiwili wopunduka mutu sitifuna.”

“Nifuna kuona mkazi wanga.”

“Munamuona bwino tsiku lija. Bwelelani.”

Ndinabwerera kuno. Ndinakhala wonyamula matumba pamsika pomwe pano, pamene ndinkaimika Nyamalikiti. Ndinkanyamula kuti ndimwe. Kutchalitchi anandichotsa pa mgonero, sindinasamale. Tamala anandipeza tsiku lina nditagona m'ngalande pafupi ndi ogulitsa tomato, anatembenuka ngati sakundidziwa. Ena mwa inu munkandilumpha popita kukagula ndudu. Ndikukumbukira nsapato zanu.

Tsopano ndichedwa pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Mwezi wa May, 1997, m'mawa, ndinali nditakhala pakhonde la sitolo ndisanamwe. Ndinamva ndodo ikugunda pansi, go, go, go. Nditakweza maso ndinaona NyaSoko. Anali atabwera pa ngolo kudzasintha ndodo kuchipatala. Chitenje chake chinali chomangidwa bwino monga kale, koma pansi pake panali phazi limodzi. Ndinali ndisanamuonepo ataima chomwecho.

Sanandipatse moni.

“Nimvela mukali kuuza anthu kuti a Zgambo anakulodzani.”

“Ndiye zoona.”

“Nyamukani.”

Ndinamutsatira. Ankayenda pang'onopang'ono, ine kumbuyo ngati galu, msika wonse ukuyang'ana. Tinafika kwa Zgambo. Vaneti yanga inali pakona, itachita dzimbiri, nkhuku zikuikira m'kati. Soko ndiye anaikokera kumeneko ndi ng'ombe. Zgambo anatuluka pansi pa galimoto ina. Pamene panali diso lamanzere panali khungu lotsekeka. Anandiyang'ana ndi lotsalalo, kenako anayang'ana chitsulo chimene chinali pafupi ndi phazi langa, n'kuchikankhira kutali.

“Amama, uyu munthu mwamubweletselanji pano?”

“Muonetseni, a Zgambo. Ine nalema kumvela kuti mwendo wanga unadyedwa na mfiti.”

Zgambo analoza vaneti imene ankakonza. Inali mtundu umodzi ndi yanga, ya matayala a 7.50 ndi zitsulo zisanu ndi zinayi. Analozanso matumba a chimanga amene anaunjikidwa pachigayo.

“Ndimwe wonyamula manje, si mwamene? Pakilani. Mwekha.”

Ndinafuna kukana. Koma NyaSoko anali atakhala pa tayala lakale, ndodo ili pamiyendo, ndipo anthu a pachigayo anali atayamba kusonkhana. Ndinanyamula. Thumba lililonse Zgambo ankawerenga mokweza. Pa khumi ndi awiri anati, “Gwadani.” Ndinagwada. Sipuling'i inali itagona.

“Manje tsitsani, muike pa Nyamalikiti wanu.”

Ndinatsitsa, ndinasamutsa. Khumi ndi awiri. Ndinagwada: chipindikire. Zimenezo ndinkazidziwa kale, ndipo ndinatero.

“Pitilizani. Mpaka igone.”

Dzuwa linakwera. Thukuta la kachasu limanunkha, ndipo anthu anasuntha. Khumi ndi asanu. Msana unayamba kuyaka. Khumi ndi asanu ndi awiri. Maso anachita mdima. Ndinali ndi zaka 60, m'mimba mulibe kanthu. Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka. Thumba la khumi ndi chisanu ndi chinayi ndinalifikitsa pa bodi, ndinagwa pansi nkhope ili pafupi ndi wilo lakumbuyo. Pamenepo, patsogolo pa mphuno yanga, panali sipuling'i ija, zitsulo khumi ndi zinayi, yadzimbiri, yopindika ngati palibe chimene chili pamwamba pake.

Ndinamva ndodo ikubwera, go, go. Inaima pafupi ndi khutu langa.

“Mwalema, awiske Tamala?”

“Nalema.”

“Kwatsala asanu na awili.”

“Siningakwanitse.”

“Mwaona, imwe mwakamba, ndipo takumvelani. Iyo munaimanga pakamwa na zitsulo, n'kuifunsa ngati yalema. Na ine ninaifunsa. Inati yayi, ninakwela.”

Zgambo analowa m'kanyumba kake. Anabwera ndi zinthu ziwiri n'kuziponya pafupi ndi mutu wanga. Chimodzi chinali shafiti, chitsulo chozunguza wilo lakumbuyo, yothyoka, pothyokapo popotoka ngati nsalu yofinya. China chinali nsapato ya buleki, yopsa, yosalala ngati botolo.

“Ufiti wanga ni uwu,” anatero. “Nausunga zaka zitatu. Tayala yaikulu inapotola shafiti, katundu anaocha buleki. Ninakuuzani chifukwa niidziwa nchito, osati chifukwa niuluka usiku.”

Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana shafitiyo. Ndinali dalaivala, chitsulo ndimachidziwa. Palibe mankhwala amene amapotola chitsulo chomwecho. Chimene chimachipotola ndi kulemera. Ndinafunafuna woti ndimuloze, ndinayang'ana mbali zonse m'mutu mwanga, sindinapeze munthu. Sindinalire, musandinamizire. Ndinangonena mawu amodzi.

“Ndine.”

“Kwezani mawu,” anatero NyaSoko. “Za ufiti munakamba mokweza.”

Ndinadzuka, ndinayang'ana anthu a pachigayo, ndinabwereza kuti onse amve. Ndinati palibe anandilodza, ndine ndinagwetsa galimoto, ndine ndinadula mwendo uwu, ndine ndinaboola diso ilo.

Zgambo analavula pansi.

“Musaganize kuti nakukhululukilani. Nachitila amama awa. Bwezelani matumba a eni ake pamene munawatenga.”

Ndinabwezera onse. NyaSoko anakwera ngolo n'kupita ku Magodi osatembenuka.

Ena akamachitira umboni amati anaona kuwala. Ine sindinaone kuwala. Mulungu ananditumizira mkazi wa ndodo ndi munthu wa diso limodzi, ndipo anandigoneka pansi pa galimoto yanga. Zinakwana.

Kachasu ndinasiya tsiku lomwelo. Milungu iwiri ndinkasanza ndi kunjenjemera, ndipo anzanga a pabotolo anati Zgambo wandidyetsa mankhwala. Ndinasiya kuwapatsa moni, mpaka lero. M'mawa uliwonse ndinkafika kwa Zgambo n'kuyamba kutsuka zitsulo m'palafini, osatumidwa. Mlungu woyamba anandithamangitsa. Wachiwiri anangondiyang'ana. Miyezi inayi sanandilankhule, kupatula kuti “sipanala” kapena “choka apo.” Ndinalandira. Munthu amene unamuchotsa diso sumamuuza nthawi yoti akusekerere.

Choyamba chimene ndinachita pa vaneti yanga ndi kumasula mabauti aatali aja ndi kuchotsa zitsulo khumi zimene ndinawonjezera. Ndinazichotsa ndekha, monga ndinaziikira ndekha. Kenako matayala. Chesisi, msana wa galimoto, tinaiwongola ndi jeke ndi moto. Shafiti ndi mabuleki tinapeza ku galimoto ina yakufa. Zinatenga chaka ndi theka. Imene mumandiona nayo lero ndi yomweyo, yaifupi, ya madigadi odulidwa ngati makutu a galu wakuba. Sindinawasinthe dala.

Tsopano mvetserani, chifukwa sindibwereza.

Tayala, giya ndi sipuling'i ndi ana a mimba imodzi. Ukakhudza mmodzi wakhudza onse. Amene anapanga galimoto yako anawerengera tayala, anawerengera mano a difu, anawerengera buleki. Iwe wawerengera chiyani? Maso a anthu a pamsika. Ngati njira zako n'zoipadi ndipo ukufuna kukweza mimba ya galimoto, kwera sitepe imodzi yokha ya tayala, osati kulumpha. Ukalumpha, sintha madifu onse awiri, afanane, apo ayi kutsogolo ndi kumbuyo zidzakokana mpaka giyabokosi itasweka. Ngati sungathe kusintha madifu, sungathenso kukhala ndi matayala amenewo. Iwe wa chipewa chofiira, giya yoyamba ikumakuvuta ponyamuka ndi katundu, eti? Kilachi ikununkha? Usandiyankhe. Ndamva fungo ndikudutsa.

Sipuling'i ikatopa, chotsa chitsulo chotopacho uike china cha msinkhu womwewo. Usawonjezere. Sipuling'i inapangidwa kuti izipindika, kuti wilo lizitsata nthaka pamiyala ndi m'maenje. Youma imakweza wilo m'mwamba, ndipo wilo limene lili m'mwamba silikoka, siligwira buleki, limangodikira kukugwetsa. Komanso ndi sikelo yokhayo imene uli nayo kumudzi. Ukaiumitsa, katundu samachepa. Amangopita ku shafiti, ku buleki, ku chesisi, kumene sungamuone. Ngati wagula galimoto yowonjezeredwa kale, usagwade n'komwe, ikunamiza. Werenga matumba. Khumi ndi awiri, ndipo pa munthu aliyense wokwera utsitse thumba limodzi.

Pachitsikira ima pamwamba. Ima ndithu. Ika giya ya m'matope, mawilo onse anayi, giya yoyamba, utsike ngati nkhalamba. Akakuseka, akuseke.

Za matope, mankhwala ake si msinkhu. Tsika, yenda pansi uone njira, pungula mpweya m'matayala, nyamula khasu. Ukatitimirabe, kuli ng'ombe. February wapitayu ndinatitimira m'dambo lomwe lija. Soko anabwera ndi ng'ombe zake zinayi, mudzi unasonkhana. Sanandinyoze, anangomanga tcheni. Atandikoka ndinatsegula chitseko n'kutulutsa mchere umene ndimayenda nawo masiku ano, ndinapatsa ng'ombe iliyonse m'dzanja langa. Soko anandiyang'ana, anati, “Yewo, mulamu.” Anthu anaseka. Ndinafika kunyumba wamoyo.

NyaSoko anabwerera ku Mphamba chaka chatha. Anabwera pa ngolo. Mu vaneti sakweramo, ndipo sindimupempha. Mpando wakutsogolo ndi wake, umayenda wopanda kanthu, ngakhale mundichonderere bwanji, ngakhale ndi kathumba ka mtedza. Ndikamapakira pakhomo amatuluka n'kuima ndi ndodo yake. Kugwada sangathe, ndiye amafunsa ine kuti, “Yagona?” Ndipo ndimamuyankha zoona. Kutchalitchi ndimakhala benchi yakumbuyo. Zgambo amandilankhula tsopano, koma amandiimika mbali ya diso lake labwino, ndipo sanandipatsepo msana.

Musandiombere m'manja. M'manja munandiombera kale, ndinaona kumene kunandifikitsa. Amene akufuna, mawa m'mawa abwere ndi vaneti yake kwa Zgambo, tidzamasule. Amene sakufuna, auze mkazi wake aziyenda pansi.

Zitsulo khumi zija palibe ngakhale chimodzi chimene chinathyoka. Zinali zolimba monga ndinkafunira. Soko anakasulitsa nkhwangwa, zikudula mitengo ku Magodi mpaka lero.

Zotayika ndi izi. Chimanga cha chaka chonse cha mabanja awiri, chinamwazika mumtsinje. Zaka ziwiri kundende, ndi china chimodzi m'ngalande. Dzina la dalaivala wosagunda nkhuku. Moni wa mwana wanga Tamala, umene sunabwererebe. Diso limodzi la Zgambo. Mwendo umodzi, wamanzere, kuyambira pabondo.

Pa ziwiri zomalizazo, palibe chimene chinali changa.